Mmene Kuchepa kwa Magazi Kumawonongera Maselo a Retina, ndi Zoyenera Kuchita Nthawi Isanathe

Munthu akasiya kuona ndi diso limodzi mwadzidzidzi koma osamva ululu uliwonse, kawirikawiri amayamba n'kulitikita, kenako amasamba kumaso, ndipo zikapanda kusintha amaganiza zogona kaye kuti aone mmene kuchere. Kudikira kotereku kwachititsa khungu anthu ambiri, chifukwa maola amene munthuyo akuyembekezera kuti kuche ndi omwewonso amene maselo a minyewa a kumbuyo kwa diso lake, m'kachikopa kotchedwa retina, akufa, ndipo maselo amenewa akafa sipabadwanso ena olowa m'malo mwawo. Vutoli limabwera m'njira ziwiri, ina yamwadzidzidzi ndi ina yapang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo kuti mudziwe chochita pa njira iliyonse muyenera kumvetsa kaye zimene zimachitika m'disomo magazi akachepa.

Yambani ndi kudziwa kumene magazi amadzera

Retina ndi kachikopa kopyapyala, kosakwana ngakhale theka la milimita, kamene kanayalidwa mkati mwa diso chakumbuyo. Ngakhale kali m'diso, kachikopa kameneka ndi mbali ya ubongo, pakuti mwana akamaumbika m'mimba mwa mayi ake retina imaphuka kuchokera ku ubongo womwewo. M'menemo muli maselo olandira kuwala, pafupifupi 120 miliyoni othandiza kuona kukachita mdima ndi ena pafupifupi 6 miliyoni ozindikira mitundu ndi tinthu ting'onoting'ono. Uthenga wa maselowa umadutsa m'maselo ena apakati n'kukafika ku maselo otchedwa ganglion, amene alipo oposa 1 miliyoni m'diso lililonse, ndipo timichira tawo tatitali timasonkhana pamodzi n'kupanga mnyewa waukulu wa diso umene umapita ku ubongo.

Magazi amafika ku retina m'njira ziwiri. Yoyamba ndi mtsempha wapakati wa retina, umene gwero lake ndi mtsempha waukulu wa m'khosi wotchedwa carotid. Umalowa m'diso kudzera pakati pa mnyewa wa diso, kenako umagawika nthambi zimene zimadyetsa zigawo zamkati za retina, kuphatikizapo maselo a ganglion. Yachiwiri ndi choroid, chigawo chodzaza ndi timitsempha chimene chili kuseri kwa retina, ndipo ndicho chimadyetsa maselo olandira kuwala. Vuto lagona pakuti nthambi za mtsempha wapakati sizilumikizana ndi mitsempha ina, moti imodzi ikatsekeka, dera lonse limene imadyetsa limasowa kwina kopeza magazi. Anthu pakati pa 15 ndi 30 mwa 100 alionse amabadwa ndi kamtsempha kowonjezera kochokera ku choroid, kamene nthawi zina kamapulumutsa pakati penipeni pa retina, koma simungadalire mwayi umenewu chifukwa simudziwa ngati muli nawo. Kuwonjezera apo, retina imadya okosijeni wochuluka kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake, shuga amene imasunga ndi wochepa, ndipo okosijeni sasungika n'komwe.

Mvetsani mmene selo limafera

Selo lililonse la minyewa limakhala likupopera mchere wa sodiyamu kunja n'kumalowetsa potaziyamu, usana ndi usiku, ndipo ntchito imeneyi imatenga gawo lalikulu la mphamvu zimene selo limapanga kuchokera ku shuga ndi okosijeni, mphamvu zimene asayansi amazitcha ATP. Zili ngati munthu amene akukapa madzi m'bwato lobooka: malinga ngati akukapa, bwato likuyandama, koma akangotopa n'kusiya, madzi amadzaza. Magazi akaleka kufika, ATP imatha m'mphindi zochepa, mapampu a selo amaima, sodiyamu amalowa mwaunyinji, madzi amamutsatira, ndipo selo limatupa. Kutupa kumeneku n'kumene kumachititsa kuti retina, imene mwachibadwa imaonekera mkati, isanduke yotuwa dokotala akamaiyang'ana.

Gawo lotsatira ndi limene limawononga kwambiri. Maselo a retina amapatsirana uthenga pogwiritsa ntchito mankhwala achilengedwe otchedwa glutamate, amene amatulutsidwa pang'ono chabe ndipo nthawi yomweyo amachotsedwa ndi maselo othandizira otchedwa Müller. Mphamvu zikatha, zinthu ziwiri zimachitika pamodzi: maselo amene asokonezeka aja amakhuthula glutamate wochuluka, ndipo maselo a Müller amalephera kumuchotsa chifukwa nawonso ntchito yawo imadalira mapampu omwe aima aja. Glutamate wochulukayu amatsegula timakomo ta pa maselo a ganglion, makamaka totchedwa NMDA, n'kutisiya tili chitsegukire, ndipo kalisiyamu amalowa mosaletseka. Kalisiyamu akachuluka m'selo amadzutsa mapuloteni ena amene amayamba kugaya selo lomwelo, kuphwanya khungu lake, timizati take tamkati ndi DNA yake, ndipo amawononganso mitochondria, tizigawo timene timapanga mphamvu. Choncho selo limodzi likamafa limavulazanso anzake oyandikana nalo, ndipo dera lowonongeka limanka likukula. Zoti glutamate amapha maselo a minyewa zinaonekera koyamba m'diso momwemo: m'chaka cha 1957, D. R. Lucas ndi J. P. Newhouse anaonetsa kuti mbewa zobayidwa glutamate zinawonongeka zigawo zamkati za retina, ndipo m'chaka cha 1969 John Olney anaonetsa kuti zomwezo zimachitikanso mu ubongo.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale kubwerera kwa magazi kumavulazanso. Okosijeni akafika mwadzidzidzi m'maselo amene mitochondria yawo yawonongeka kale, amasanduka tinthu tolusa timene timawononga mafuta ndi mapuloteni a selo, ndipo maselo oteteza a m'retina, otchedwa microglia, pamodzi ndi maselo oyera a m'magazi amayambitsa kutupa kumene kumapitirira kwa masiku angapo. N'chifukwa chake maselo ena amaphulika n'kufa tsiku lomwelo, pamene ena amafa mwakachetechete patapita masiku, atadzizimitsa okha m'njira imene imatchedwa apoptosis. Zimenezi sizikutanthauza kuti magazi asabwezeretsedwe, koma zikusonyeza kuti akabwerera mochedwa amapeza maselo ofooka amene sangapirire.

Poti njira yonseyi ikudziwika bwino chonchi, wina angaganize kuti payenera kukhala mankhwala oidula pakati. Pa nyama zoyesera, mankhwala ambiri aoneka kuti akuteteza maselo a ganglion, koma kwa anthu zinthu sizinayende choncho. Mankhwala a memantine, amene amatchinga timakomo ta NMDA, anayesedwa pa anthu oposa 2,000 odwala glaucoma, matenda amene amapha maselo a ganglion pang'onopang'ono, ndipo sanachedwetse kuwonongeka kwa maso awo. Nsomba zina, monga zebrafish, zimatha kumeretsa maselo atsopano a retina kuchokera ku maselo a Müller, koma munthu alibe mphatso imeneyi. Choncho aliyense amene akukugulitsani mapilitsi kapena madontho onena kuti amadzutsa minyewa ya diso imene inafa akukunamizani.

Werengani nthawi ndi mphindi, osati masiku

Sohan Singh Hayreh wa pa yunivesite ya Iowa ku United States anatseka mtsempha wapakati wa retina wa anyani kwa nthawi zosiyanasiyana, ndipo zotsatira zimene anafalitsa m'chaka cha 2004 zinaonetsa kuti mpaka mphindi 97 panalibe kuwonongeka kooneka, koma pofika maola 4 retina inali itawonongeka kwambiri mosabwezeka. Akatswiri ena amanena kuti kwa munthu, mtsempha ukatsekekeratu, nthawi ingakhale yocheperapo kwambiri kuposa pamenepa. Komabe kwa odwala ambiri mtsempha sutsekekeratu, magazi ochepa amadutsabe, ndipo n'chifukwa chake ngakhale mutachedwa simuyenera kutaya mtima n'kukhala pakhomo.

Zindikirani zizindikiro, ndipo yesani diso lililonse palokha

Chizindikiro chachikulu ndi kusiya kuona ndi diso limodzi m'masekondi kapena mphindi zochepa, popanda ululu ndiponso diso osafiira. Ngati yatsekeka ndi nthambi imodzi yokha, mungataye theka lakumwamba kapena lakumunsi la zimene mumaona. Pali mtundu winanso umene umapusitsa anthu ambiri: mdima umatsika pa diso ngati katani, umakhala mphindi zingapo, kenako umachoka ndipo munthu amaonanso bwinobwino. Madokotala amautcha amaurosis fugax, ndipo kawirikawiri umatanthauza kuti kachidutswa ka mafuta kapena ka magazi oundana kanatseka mtsempha kwa kanthawi n'kudutsa. Kuona kukabwerera si umboni woti mwachira, koma ndi chenjezo loti kumene kwachokera kachidutswako kuli tina, ndipo kotsatira kangapite ku ubongo.

Poyesa, imani moyang'anizana ndi chitseko kapena zenera, phimbani diso lamanzere ndi chikhatho osalikanikiza, ndipo yang'anitsitsani malo amodzi pakati. Onani ngati ngodya zonse zinayi zikuoneka komanso ngati mizere yake ili yowongoka. Kenako phimbani lamanja n'kuchitanso chimodzimodzi. Kuyesa kotereku n'kofunika chifukwa maso onse awiri akakhala otsegula, diso labwino limabisa vuto la linzake, moti anthu ena amatha milungu asakudziwa kuti diso limodzi linasiya kuona. Mukapeza kuti mbali imodzimodziyo, mwachitsanzo yakumanja, yasowa m'maso onse awiri, ndiye kuti vuto lili mu ubongo, ndipo imeneyonso ndi ngozi yofunika kuthamangira nayo kuchipatala.

Ngati muli ndi zaka zoposa 50, samalaninso zizindikiro izi: mutu wachilendo wopweteka m'mbali mwa mphumi, nsagwada zotopa kapena zopweteka mukamatafuna, khungu la kumutu lopweteka mukamapesa tsitsi, kutentha thupi ndi kuwonda mosadziwika bwino. Zimenezi zingasonyeze matenda otupitsa mitsempha otchedwa giant cell arteritis, amene akapanda kuthandizidwa msanga ndi mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid angathe kuwononga diso linalo m'masiku ochepa.

Zochita pa ola loyamba

Yang'anani wotchi ndi kulemba nthawi imene vuto layamba, kapena ngati mwadzuka nalo, nthawi yomaliza imene munkaona bwino, chifukwa chithandizo chimene dokotala angasankhe chimadalira nthawi imeneyi. Musayendetse galimoto nokha. Pitani ku gawo la ngozi la chipatala chachikulu chimene mungafikeko msanga, makamaka chimene chimathandiza odwala sitiroko, m'malo mopita koyezetsa magalasi kapena kudikira tsiku la kiliniki ya maso. Tengani mankhwala onse amene mumamwa, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi. Musathire chilichonse m'diso, musalikanikize, ndiponso musayambe kumwa asipirini mwa inu nokha musanapimidwe, chifukwa kusiya kuona mwadzidzidzi kungayambenso chifukwa cha magazi amene akha mkati mwa diso kapena retina imene yamatuka.

Mukafika, lankhulani mosapita m'mbali: "Ndasiya kuona ndi diso lamanja mwadzidzidzi pa nthawi yakutiyakuti, ndipo ndikuopa kuti ndi sitiroko ya diso." Mawu amenewa ndi ofunika, pakuti munthu amene akuyenda yekha, wosabuula ndiponso wopanda bala, n'zosavuta kuti auzidwe kukhala kumapeto kwa mzere.

Dziwani zimene dokotala akufunafuna

Dokotala amayamba ndi kuwalitsa tochi m'diso lina kenako linzake mosinthanasinthana. Kuwala kukafika pa diso labwino, mwana wa diso amachepa m'maso onse awiri, koma tochi ikasamukira ku diso lodwala mwana wa disoyo amakula m'malo mochepa, chifukwa uthenga wochokera ku retina yake ukufika wofooka ku ubongo. Kenako amathira madontho okulitsa mwana wa diso n'kusuzumira mkati. Mtsempha wapakati ukatsekeka, amaona retina yotuwa ndi kadontho kofiira pakati penipeni, chifukwa pamalo amenewo retina ndi yopyapyala kwambiri, ilibe zigawo zamkati zoti zitupe, ndipo kufiira kwa choroid kumaonekerabe. Albrecht von Graefe ndiye anafotokoza matendawa m'chaka cha 1859, patangopita zaka zochepa kuchokera pamene Hermann von Helmholtz anapanga chipangizo choonera mkati mwa diso mu 1851. Nthawi zina dokotala amaona kachidutswa konyezimira ka kolesterolo katakakamira pamphambano ya mtsempha, monga anafotokozera Robert Hollenhorst mu 1961, ndipo kameneka kamaloza ku mtsempha wa m'khosi. Makina a OCT, amene amajambula zigawo za retina pogwiritsa ntchito kuwala, amatha kuonetsa kutupa ngakhale kutuwa kusanayambe kuoneka.

Pa nkhani ya chithandizo, ndi bwino kunena zoona zokhazokha. Mwa anthu amene mtsempha wawo wapakati unatsekeka, osakwana mmodzi mwa asanu alionse ndi amene amayambanso kuona mokwanira paokha. Njira zakale monga kutikita diso, kuchotsa madzi pang'ono kutsogolo kwa diso kapena kupumira m'thumba sizinaonetse phindu lodalirika. M'chaka cha 2021 bungwe la American Heart Association linalengeza kuti vutoli lizitengedwa ngati sitiroko, ndipo zipatala zina zimapereka mankhwala osungunula magazi oundana ngati wodwala wafika pasanathe maola 4 ndi theka ndipo palibe choletsa, ngakhale kuti phindu lake pa diso likufufuzidwabe. Chimene sichikayikitsa n'chakuti chiopsezo cha sitiroko ya ubongo chimakhala chachikulu kwambiri m'masiku ndi milungu yoyambirira. Choncho musakane kapena kuzengereza akakuuzani kuti ajambule ubongo, aunike mitsempha ya m'khosi, ayeze kagundidwe ka mtima, ndi kutenga magazi oyeza shuga, kolesterolo ndi zizindikiro za kutupa zotchedwa ESR ndi CRP. Ngakhale diso litapanda kuchira, kuyeza kumeneku kungapulumutse ubongo ndi diso linalo.

Tetezani retina ku njala yapang'onopang'ono

Anthu ochuluka kwambiri amataya maselo a retina osati chifukwa cha mtsempha umodzi waukulu wotsekeka, koma chifukwa cha timitsempha ting'onoting'ono timene timafa kamodzikamodzi. Matenda a shuga ndiwo ali patsogolo, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse odwala shuga ali ndi kuwonongeka kwina kwa retina. Shuga wokwera kwa zaka zambiri amapha maselo olimbitsa makoma a timitsemphati, moti tina timadontha ndipo tina timatsekeka. BP yokwera, kutsekeka kwa mitsempha yobweza magazi kuchoka m'diso, matenda a magazi otchedwa sickle cell ndi malungo aakulu ogwira ubongo nazonso zimasowetsa magazi m'madera ena a retina. Pa glaucoma, chiopsezo chachikulu ndi kuthinana kwa madzi a m'diso, koma kuchepa kwa magazi pa mutu wa mnyewa wa diso kumathandizira nawo kupha maselo a ganglion.

Retina yosowa okosijeni siingokhala chete. Maselo ake amatulutsa puloteni yotchedwa VEGF, imene imaitanitsa mitsempha yatsopano. Njira imene maselo amadziwira kuti okosijeni wachepa inapezedwa ndi William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza, amene analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2019. Tsoka lake n'lakuti m'diso mitsempha yatsopanoyi imamera molakwika, ndi yosalimba, imakha magazi, imapanga zipsera zimene zimakoka retina mpaka kuimatula, ndipo ikamera kutsogolo kwa diso imatseka njira yotulukira madzi n'kuyambitsa glaucoma yopweteka kwambiri. VEGF yemweyo amachititsanso timitsempha kudontha, ndipo pakati pa retina pamatupa. Chithandizo chachikulu chilipo cha mitundu iwiri. Woyamba ndi jakisoni wobayidwa m'diso wa mankhwala oletsa VEGF, monga bevacizumab, ranibizumab ndi aflibercept, amene amafunika kubwerezedwa kangapo. Wachiwiri ndi kuwotcha madera a m'mbali mwa retina ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa leza, ndipo cholinga chake n'chakuti maselo ofuna okosijeni achepe kuti otsalawo akwanirane ndi magazi amene alipo, VEGF n'kutsika. Leza imachepetsako kuona kwa m'mbali ndi kwa usiku, koma imateteza pakati pa retina pamene munthu amawerengera ndi kuzindikirira nkhope za anthu. Kumbukirani kuti chithandizo chonsechi chimateteza maselo amene adakali moyo, sichibweza amene anafa.

Popeza mtundu umenewu supweteka ndipo suonetsa chizindikiro mpaka utafika patali, musadikire kuti maso ayambe kuvuta. Ngati mwapezeka ndi shuga wa mtundu wachiwiri, pimitsani retina nthawi yomweyo, chifukwa matendawa amakhala atayamba kale zaka zingapo asanadziwike. Ngati muli ndi wa mtundu woyamba, pimitsani pasanathe zaka 5 chipezekereni. Pambuyo pake pitani chaka chilichonse kapena monga dokotala angakuuzireni, ndipo mayi wodwala shuga apimitse akangodziwa kuti ndi woyembekezera, pakuti mimba imatha kufulumizitsa vutoli. Onetsetsani kuti kupimako n'kwa retina yeniyeni, kothira madontho okulitsa mwana wa diso kapena kojambula chithunzi cha kumbuyo kwa diso. Kuwerenga zilembo za pakhoma kokha sikokwanira, chifukwa munthu angawerenge mzere wotsiriza bwinobwino pamene m'mbali mwa retina yake mwafa kale timitsempha tambiri.

Phindu la kusamala linayezedwa. Kafukufuku wa DCCT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1993, anapeza kuti odwala shuga wa mtundu woyamba amene ankasunga shuga wawo pafupi ndi mlingo woyenera anachepetsa chiopsezo choyamba matenda a retina ndi 76 peresenti, ndipo kafukufuku wa UKPDS wa ku Britain anaonetsa mu 1998 kuti kutsitsa BP kwa odwala shuga wa mtundu wachiwiri kunachepetsa kukula kwa matendawa ndi 34 peresenti. Ngati shuga wanu wakhala wokwera kwambiri kwa nthawi yaitali ndipo retina inayamba kale kuwonongeka, uzani dokotala wa maso musanayambe kumutsitsa mofulumira, chifukwa nthawi zina vutoli limayamba lakula kaye kwa miyezi ingapo lisanakhazikike. Siyani fodya, imwani mankhwala a BP ndi a kolesterolo tsiku lililonse ngakhale mukumva bwino, ndipo mtima ukamagunda modumphadumpha kapimitseni, pakuti kagundidwe kosokonekera kamachititsa magazi kuundana mu mtima n'kutumiza tizidutswa ku diso kapena ku ubongo.

Amene mtsempha wake unatsekekapo kale asasiye kupita kwa dokotala wa maso poganiza kuti diso linafa basi. Kutuwa kwa retina kumatha pakapita milungu ingapo, koma m'miyezi yoyambirira, makamaka itatu kapena inayi, mitsempha yolakwika ija ingamere mosazindikirika. Pa ulendo uliwonse pemphani kuti ayeze kuthinana kwa madzi a m'diso, aunike kutsogolo kwa diso asanathire madontho, ndiponso apime diso linalo. Diso lodwalalo likayamba kufiira, kupweteka kapena kuchititsa mutu ndi nseru, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku limene anakulemberani.